Riboni Pagolo la Zipembere

Mu Ufumu wa Tivomereze munalibe chinthu chimene chinkayamba kugwira ntchito chisanatsegulidwe ndi mlendo wolemekezeka. Mlatho ukatha kumangidwa, anthu ankapitiriza kuwoloka pamadzi, nsapato zili m'manja, kufikira tsiku limene nduna idzabwere kudzadula riboni. Chimodzimodzi mjigo, chimbudzi cha pamsika, ngakhale belu la sukulu. Alendo ankadabwa nazo, koma eni dziko ankati umenewo ndi ulemu, ndipo ulemu sunapheko munthu, kupatula awiri atatu amene anakokoloka ndi madzi kunsi kwa mlatho watsopano.

Tsono Mfumu Sindilakwa Wachitatu inali ndi timu yake ya mpira, dzina lake Zipembere. Chaka china nduna ina yofuna kuoneka inaimirira m'bwalo la nduna n'kufunsa kuti, kodi n'zoona kuti mwana wa munthu wamba azingomenya mpira n'kugwedeza ukonde m'dzina la Mfumu, popanda wamkulu aliyense kutsegulira chigolicho? Bwalo lonse linagwira pakamwa. Tsiku lomwelo lamulo linatuluka. Golo limene Zipembere zikufuna kumwetsako lizimangidwa riboni yofiira, ndipo pasapezeke wogoletsa mlendo wolemekezeka asanaidule. Golo linalo silinkamangidwa kanthu, poti zigoli za adani si za boma.

Kavuto kanalipo kamodzi. Mlendo wolemekezeka safika anthu asanatope n'kudikira, chifukwa akafulumira amaoneka ngati alibe ntchito. Choncho sizasi inkafika pabwalo masewero atatsala pang'ono kutha, Zipembere zitamwa kale zitatu kapena zinayi.

Mfumu yosalakwa singagonje, ndiye kugonja kulikonse kunkafunika kukhala ndi mwini wake. Mwini wakeyo ankakhala mphunzitsi wa timu. Lachiwiri lake m'mawa lole ya boma inkamunyamula kupita naye ku Ndikadadziwa, dambo la udzudzu, ulendo wa masiku awiri, kukalima mpunga wa Mfumu zaka zisanu ndi ziwiri. Pa nthawi ya nkhani ino aphunzitsi khumi ndi anayi anali ataona kale msana wa njira imeneyo.

A Yotamu Chikadza anali munthu wamtali, woonda, wa magalasi omangidwa ndi ulusi. Anaphunzitsa masewero pasukulu ina zaka makumi awiri, ndipo anapitako kunja miyezi itatu kukaphunzira za mpira. Anabwerako ndi setifiketi, chibuku chachikulu, komanso nthenda yoopsa yokhulupirira kuti zinthu zikafotokozedwa bwino anthu amamva. Munthu wotere ngwomvetsa chisoni kulikonse, koma ku Tivomereze ngwomvetsa chisoni kawiri.

Zinachitika kuti bungwe loyendetsa mpira m'maiko a kuderalo linalamula kuti timu iliyonse yofuna kusewera ndi akunja ikhale ndi Mkulu Woona za Luso, kapena kuti Dayirekita. Kunyumba yachifumu kunalibe wodziwa kuti chimenechi n'chiyani, koma anamva kuti mawu ofanana ndi amenewo alipo pasetifiketi ya a Chikadza. Anawaitana n'kuwapatsa udindowo. Milungu itatu yoyamba anagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango, poti ofesi yawo inali isanatsegulidwe.

Amene anadzatsegula ofesiyo ndi a Nduna Ndinenenso, oyang'anira zamasewero, munthu amene mimba inkayamba kulowa m'chipinda iwo akubwera m'mbuyo. Atalankhula maola awiri n'kudula riboni, anakhala pampando wa a Chikadza, eni ake ali chiimire.

"Tatiuzani, a Dayirekita," anatero a Nduna. "Kunjako anakuuzani kuti ntchito imeneyi njotani?"

A Chikadza anatsegula chibuku chija mwachimwemwe. Anati Mkulu Woona za Luso saphunzitsa timu tsiku ndi tsiku, koma amaona patali. Amakonza kaseweredwe kamodzi kuyambira kwa ana mpaka kwa akuluakulu. Amayendera midzi kufunafuna miyendo yabwino, amasula aphunzitsi, amasankha mphunzitsi wa timu, ndipo amaima pakati pa eni timu ndi mphunzitsiyo kuti azimvana. Anatulutsanso mapepala makumi anayi a dongosolo la zaka zisanu.

"Zabwino, zabwino kwambiri," anatero a Nduna, akugwiritsa mapepalawo ngati chokupizira mphepo. "Zimenezo tidzazitsegulira nthawi yake ikadzakwana. Pakadalipano ntchito yanu ndi iyi."

Anatulutsa kapepala kamodzi. Pamwamba panali chidindo cha Mfumu, pansi pake mzere umodzi wakuti, "Zipembere zaoneka ngati zagonja chifukwa cha" kenako mpata wolembapo dzina, kenako malo osainira.

"Kale ankasaina ndi mlembi wa Mfumu," a Nduna anafotokoza. "Koma akunja akuti nkhani za luso azisaina ndi munthu wa luso. Mwamva? Timu ikaterereka, mulemba dzina apa, musaina apa. Ife tidinda, lole ibwera. Komanso mutipezere mphunzitsi, poti wakale uja ananyamuka Lachiwiri."

A Chikadza anaika chidziwitso pamitengo yonse ya mumzinda. Panapita mwezi osabwera ngakhale wofunsa njira. Pamapeto pake anakwera njinga kupita kwa mlamu wawo, a Damiyano Gwaza, kalipentala wofatsa amene madzulo ankaphunzitsa timu ya kumudzi kwawo, ndipo timuyo inali isanagonje zaka zitatu. A Gwaza anakwatira Esinati, mlongo wawo wa a Chikadza wowapondera pamutu, ndipo anali ndi ana anayi.

Anawapeza akupala chitseko. A Gwaza anamvetsera nkhani yonse osasiya kupala, koma maso awo ankawala, chifukwa munthu wa mpira sangamve dzina la bwalo lalikulu mtima osadumpha. Esinati ndiye anatuluka m'nyumba manja ali m'chiuno.

"Achimwene, mwatopa nafe? Ana awa mukufuna muwalere ndinu?"

"Achemwali, tamverani. Zinthu zasintha. Pepala lija tsopano wosaina ndi ine."

"Ndiye?"

"Ndiye ine ndingalembe dzina la alamu anga? Ine, Yotamu? Mayi athu angadzuke kumanda. Ndi riboni yomwe ndikaichotsetsa, bola ndikawafotokozere bwino."

Esinati anawayang'ana nthawi yaitali. Anakula nawo, ankadziwa kuti mchimwene wake sanama, ndipo chimenecho ndicho chinkamuopsa kwambiri. Koma a Gwaza anali ataika kale pansi chopalira.

A Gwaza anali munthu wa nzeru za ukalipentala: thabwa likakhota, umapala motsata kukhota kwake. Sanalimbane ndi riboni. Anaphunzitsa anyamata kutchinga kumbuyo ngati mpanda wa minga, kupatsirana mpira, kuusunga, kuubweza kwa goloboyi, kuusunganso, mpaka kulira kwa mdipiti wa magalimoto kutamveka kumsewu. Riboni ikangogwa, onse khamu kutsogolo. Masewero oyamba anafanana mphamvu, opanda chigoli. Achiwiri chimodzimodzi. Achitatu mlendo wolemekezeka anali atadya zosayenera ku phwando lina, analankhula mphindi ziwiri zokha n'kudula riboni akuthamanga, ndipo Zipembere zinapambana ndi chigoli chimodzi. Anthu anamwa wamkaka mpaka kuiwala njinga zawo pabwalo.

Kumsika wa Tingoona nkhani inali yomweyo. A Chikadza akamadutsa kukagula ndiwo ankamva zonse, poti anthu a kumsika sanong'ona.

"Awo a Dayirekita akudutsa," anatero mayi Filesi, ogulitsa tomato. "A Bwanali, inu oyendayenda, ntchito yawo njotani kwenikweni?"

A Bwanali, okonza njinga, sanadzutse mutu pa tayala limene ankamata. "Amaona patali."

"Nanga pafupi amaona ndani?"

"Pafupi palibe choona, mayi. Pali riboni."

"Akuti ku Ndikadadziwa aphunzitsi aja apanga timu yawo, ikuthambitsa aliyense."

"Ee, kumeneko kulibe wolemekezeka. Udzudzu sudikira sizasi."

A Chikadza sankakwiya nazo. Ankati anthuwa akungofunika kuwafotokozera.

Kenako kunabwera nkhani yaikulu. Timu ya dziko loyandikana nalo, la Tsidyalina, ikubwera kudzasewera ndi Zipembere. A Chikadza anaona kuti nthawi yakwana, anapempha kukaonekera ku bwalo la nduna. Anagwada, anaomba m'manja katatu, n'kufotokoza mwaulemu, ndi zojambula, kuti mpira uli ndi mphindi makumi asanu ndi anayi, ndipo timu imene imaloledwa kugoletsa mphindi zisanu zokha ili ngati mlimi wopatsidwa khasu dzuwa litalowa. Sanapemphe zambiri. Anangoti riboni izidulidwa oyimbira asanaimbe wenzulo woyamba.

Nduna zinakambirana tsiku lonse. Ina inati mlendo akafika masewero asanayambe adzapeza mipando ina yopanda anthu, ndipo mpando wopanda munthu suwomba m'manja. Ina inati vuto si mlendo kuchedwa, vuto ndi mpira kufulumira. Mawu amenewa anakoma kwambiri moti anawalemba n'kuwalengeza pawailesi. Pomaliza Mfumu inatsokomola, bwalo lonse zii.

"Mwana uyu wanena zoona," inatero Mfumu. "Timu yanga yakhala ikunyozeka chifukwa riboni ikudulidwa ndi anthu aang'ono. Loweruka ndidzadula ndekha."

Nduna zinaimirira n'kuomba m'manja. A Nduna Ndinenenso anagwira a Chikadza paphewa n'kuwayamikira kuti pempho lawo layankhidwa moposa mmene anapemphera. A Chikadza anatuluka akuwerengera mumtima. Ngati nduna wamba imachedwa ola ndi theka, Mfumu ingachedwe bwanji?

Loweruka bwalo linadzaza mpaka m'mitengo. Anyamata a Gwaza anasewera mpira umene anthu a ku Tivomereze anali asanauonepo. A Tsidyalina anathamanga mpaka malilime kunja, mpira osaukhudza. Kawiri konse womwetsa zigoli wa Zipembere anadutsa otchinga onse, anadutsa goloboyi, n'kuima pamzere mpira uli pansi pa phazi, maso ali kumsewu. Kumsewu kunali mbuzi. Anatembenuka n'kuubweza m'mbuyo. A Chikadza, amene anakhala pabenchi pafupi ndi alamu awo, analira misozi yeniyeni, ya chimwemwe ndi ya ululu pamodzi, chifukwa kaseweredwe kamene anakalota zaka makumi awiri kanali pamaso pawo, kopanda chigoli.

Kutatsala mphindi zisanu ndi imodzi, malipenga anamveka. Mdipiti wa magalimoto makumi atatu unalowa, Mfumu inakwera pansanja, n'kugwira chimkuzamawu.

Tsono lamulo la ku Tivomereze limati Mfumu ikamalankhula, mzika iliyonse igwade pomwe ili. Masapota anagwada. Apolisi anagwada. Osewera khumi ndi mmodzi a Zipembere anagwada, goloboyi yemwe, zipewa ndi magolovesi zili pansi. Woyimbira anali wochokera kunja, anayang'ana wotchi yake, sanapeze lamulo loimitsira masewero. Anyamata a Tsidyalina nawo si mzika. Mmodzi anatola mpira pamaso pa munthu wogwada, anayenda nawo pang'onopang'ono ngati akuchita manyazi, n'kuukankhira muukonde. Mfumu inali ikufotokoza za mbiri ya agogo ake.

Wenzulo womaliza unalira Mfumu ili pakati pa mawu ake. Itamaliza inatsika, inalandira sizasi yagolide, inadula riboni bwinobwino, ndipo gulu la asilikali linaimba nyimbo. A Tsidyalina anali akukwera basi.

Lolemba m'mawa a Nduna anabweretsa okha kapepala kaja. A Chikadza anatenga cholembera n'kulemba pampata paja kuti "riboni."

"Ayi, a Dayirekita," anatero a Nduna mokoma mtima, akutulutsa pepala lina. "Riboni ndi lamulo la Mfumu. Komanso riboni singalime mpunga. Pamafunika dzina la munthu."

A Chikadza anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Anaganiza za mapepala awo makumi anayi, za ana a m'midzi amene anali asanawayendere, za udzudzu wa ku Ndikadadziwa. Mantha anali nawo, asakunamizeni munthu. Kenako analemba ndi zilembo zazikulu: YOTAMU CHIKADZA. Anasaina.

A Nduna anawerenga kawiri. Chala sichiloza mwini, ndipo m'mbiri yonse ya ufumuwo munthu waudindo anali asanalembepo dzina lake pamalo otere. Nkhani yachilendo chonchi inafunika bwalo.

Bwalo linakumana masana omwewo. A Gwaza anawakhazika pakona, mlonda ali pambali. A Nduna Ndinenenso ndiwo ankafunsa, mlembi akulemba.

"A Dayirekita, kuti munthu alakwe ayenera kukhala atachitapo kanthu. Tiyeni tione. Ana a m'midzi munawayendera?"

"Ayi. Dongosolo silinatsegulidwe."

"Aphunzitsi munasula angati?"

"Palibe."

"Mpira munaukhudza Loweruka?"

"Ayi."

"Ndiye mwalakwa pati? Bwalo lino silingalange munthu pa ntchito imene silikuidziwa."

Nduna zinagwedeza mitu movomereza. A Chikadza anaona chitseko chikutsekeka, anaponyapo phazi.

"Chilipo chimene ndinachita, mabwana. Mphunzitsi ndinasankha ndine. Palibe anandituma kwa iyeyo. Ndinakwera njinga ndekha."

"Eya, apo mwanena. Tsono mphunzitsi munasankhayo ngwabwino kapena ngwoipa?"

"Ngwabwino. Dziko lino silinaonepo wotere."

"Ndiye munasankha bwino. Mulibe mlandu. Ndipo poti Mfumu silakwa, riboni silakwa, inunso simunalakwe, watsala ndi mmodzi yemwe amatsala nthawi zonse."

Mlonda anayamba kusuntha. A Chikadza anaona njira imodzi yokha, yoti kusankha kwawo kukhale kolakwa kuti mlandu ubwerere kwa iwo, ndipo anaithamangira osayang'ana pansi.

"Dikirani! Ndinalakwitsa kusankha. Ndinatenga kalipentala, munthu wopanda pepala lililonse, chifukwa ndi mlamu wanga. Sadziwa mpira. Ngwoipa. Mlandu ngwanga!"

M'bwalo munangomveka cholembera cha mlembi.

"Mwalemba?" anafunsa a Nduna. "Tawerengani."

Mlembi anaimirira. "Mkulu Woona za Luso, katswiri wophunzira kunja, wachitira umboni pamaso pa Mfumu kuti mphunzitsi Gwaza sadziwa mpira ndipo ngwoipa."

"Sindinatanthauze choncho! Ndimati ine..."

"Inu mwanena zoona ngakhale zikukhudza m'bale wanu," inatero Mfumu, ikupukuta diso. "Anthu otere ndi osowa. Aphunzitsi ena aja tinkangowatumiza popanda umboni, mtima unkandiwawa. Uyu yekha akupita mwachilungamo."

Bwalo linaomba m'manja nthawi yaitali. A Gwaza pakona paja anangoyang'ana alamu awo n'kugwedeza mutu pang'ono, ngati mmene ankachitira wosewera akaphonya mpira atayesetsa.

Lole inanyamuka Lachiwiri m'mawa kudzera kumsika wa Tingoona, poti msewu wake ndi womwewo. Wailesi inali italengeza kale umboni uja katatu. Msika wonse unaima. Mayi Filesi anaponya m'lole mulu wa tomato, a Bwanali anavula chipewa, ndipo kwa tsiku limodzi panalibe woseka. A Chikadza anafika akuthamanga, njinga ataisiya panjira. Pamwamba pa lole panali a Gwaza, bokosi lawo la zipangizo, mphasa, ndowa, ana anayi, ndi Esinati atakhala pa mtolo wa zovala.

"Achemwali, inu simunalamulidwe kupita. Tsikani, ana akakhala kwa ine."

"Ndikasiye mwamuna wanga adyedwe yekha ndi udzudzu?"

"Sindinalembe dzina lawo. Mulungu ndi mboni, ndinalemba langa."

"Ndamva, achimwene. Andiuza bambo a ana. Akuti munayesetsa." Esinati sanakweze mawu, ndipo zikanakhala bwino akanatukwana. "Ine sindikukwiyirani. Ndikudzikwiyira ndekha, chifukwa tsiku lija ndinaona kuti mukukhulupirira zimene mukunena, koma sindinakuthamangitseni ndi chikuni."

A Gwaza anawerama n'kugwira dzanja la a Chikadza. "Alamu, anyamata aja musawasiye. Wakumanzere uja amachedwa kubwerera, muzimukumbutsa."

Lole inalira, fumbi linakwera. A Chikadza anaima pamsewu mpaka fumbilo litatha, ndipo anthu a kumsika anawalambalala mwakachetechete ngati akulambalala maliro.

Lachitatu anapeza a Nduna atakhala kale pampando wa mu ofesi, kabokosi kali patebulo. Munali mendulo ya Kunena Zoona, ndi kalata yolengeza kuti chifukwa cha kukhulupirika kwawo, a Yotamu Chikadza akhala Mkulu Woona za Luso moyo wawo wonse, ndipo saloledwa kutula pansi udindo. A Nduna anawaveka mendulo ija okha, n'kuisisita kuti ikhale bwino.

"Tsono pali kanthu kakang'ono," anatero akuimirira. "Masewero ena ali Loweruka la mawa, ndipo timu ilibe mphunzitsi. Zidziwitso za pamitengo zija mukudziwa kuti sizithandiza. Njira munagwiritsa ntchito ija Mfumu yaikonda kwambiri."

A Nduna anafika pakhomo, mimba inatuluka, iwo anatembenuka.

"Paja alongo anu okwatiwa atsala angati?"

Anatsala awiri, ndipo a Nduna ankadziwa ndi midzi yomwe.